Pokémon Emerald: timu yogonjetsa Wallace ikulepheranji ku Battle Tower?

Gologolo
Abale, ndithandizeni nzeru pa Pokémon Emerald ya pa Game Boy Advance. Timu iyi idadutsa Elite Four ndi Wallace mosavuta: Swampert 58, Gardevoir 55, Gyarados 54, Absol 54, Manectric 53 ndi Tropius 50. Koma ku Battle Tower, imodzi mwa nyumba zomenyera nkhondo za ku Battle Frontier, zavuta. Ku Level 50 sakulola aliyense wopitirira 50, ndiye kwangotsala Open Level. Kumeneko nkhondo zoyambirira zikutheka, koma ukangosuntha pang'ono Surf ya Gyarados sikupha kanthu, Bite ya Absol ikungokanda, ndipo pafupifupi mdani aliyense akumayamba ndiye kumenya. Kodi vuto ndi timuyi, kapena gemuyi adaipanga kuti munthu asapambane kumeneko? Ngati pali pokonza, ndiyambire pati?

Kadzidzi
A Gologolo, tiyambe ndi zooneka ndi maso. Ku Open Level adani amatengera levulo ya Pokémon wanu wamkulu, koma satsika pansi pa 60. Ndiye inu mukulowa nkhondo iliyonse muli pansi kale.

Chachikulu koma ndi ichi. Mu Emerald, chimene chimagamula ngati move igwiritsa ntchito Attack kapena Special Attack ndi mtundu wa move yo, osati mmene ikuonekera pa sikirini. Normal, Fighting, Flying, Poison, Ground, Rock, Bug, Ghost ndi Steel zonse zimadalira Attack. Fire, Water, Grass, Electric, Psychic, Ice, Dragon ndi Dark zimadalira Special Attack. Zoti move iliyonse ikhale ndi mbali yakeyake zidayamba mu 2006 ndi Diamond ndi Pearl, kuno kulibe.

Tsono onani Gyarados. Attack yake yoyambira ndi 125, Special Attack ndi 60. Surf, Waterfall, Bite, zonsezo zikutuluka pa 60 paja. Mphamvu zake zenizeni zangokhala. Mupatseni Dragon Dance, imene amaphunzira yekha pa levulo 50, kenako Earthquake ndi Return. Absol chimodzimodzi: Attack 130, Special Attack 75, ndipo Dark ndi ya special. Iye amafuna Swords Dance, Shadow Ball, Aerial Ace ndi Return. Shadow Ball ndi TM30 (TM ndi kachida kophunzitsira move) ya ku Mt. Pyre, ndipo popeza ndi Ghost imadalira Attack. Bite yo imamukhala bwino Manectric, amene Special Attack yake ndi 105.

Mu nkhani ya gemu izi sizioneka chifukwa levulo imabisa zolakwika. Ukakhala pamwamba pa mdani, move ina iliyonse imapha.

Tsabola
Zonsezo n'zoona koma musabise, kompyuta imabera ku Tower. Horn Drill, Fissure, Sheer Cold, ma move opha ndi kumenya kumodzi aja, zimangogwira. Quick Claw imadzuka nthawi imene iwe watsala pang'ono kupambana. Iweyo ukaponya Hydro Pump imaphonya.

Nyalugwe07
Sikubera kumeneko achimwene, ndi masamu. Pa levulo yofanana Horn Drill imagwira 30 pa 100. Critical hit imabwera kamodzi pa 16 ndipo imamenya kawiri mphamvu yake. Hydro Pump imagwira 80 pa 100, kutanthauza kuti kamodzi pa kasanu iphonya basi. Kuti mukumane ndi Anabel, mkulu wa Tower, koyamba muyenera kufika pa nkhondo ya 35 osagonjapo, kachiwiri pa 70. Tiyerekeze kuti timu yanu imapambana 97 pa nkhondo 100 zilizonse. Mwayi wodutsa 35 motsatizana ndi pafupifupi 34 pa 100, wa 70 ndi pafupifupi 12 pa 100. Mukakweza kufika pa 99, wa 70 ukufika pafupi ndi theka. Kompyuta ikaluza siitaya kanthu, imangobweretsa wina. Inu mukaluza kamodzi mwabwerera pa ziro. N'chifukwa chake tsoka lililonse limaoneka ngati lakonzedwa.

Tsabola
Ndiye mukuvomereza kuti ndi zamwayi.

Nyalugwe07
Ayi, ndikunena kuti ntchito yanu ndi kuchepetsa malo amene tsoka lingalowere. Surf m'malo mwa Hydro Pump, Flamethrower m'malo mwa Fire Blast, Thunderbolt m'malo mwa Thunder. Substitute imalandira Horn Drill m'malo mwanu. Ndipo ukayamba ndiwe kumenya n'kupha, mdani sapeza n'komwe mpata woponya Fissure.

Mlatho
Pa funso loti bwanji adani akuyamba kumenya, yankho lili mu manambala atatu amene gemu siikuonetsani bwinobwino.

Loyamba ndi IV. Pokémon aliyense amabadwa ndi nambala yochokera pa 0 kufika 31 pa stat iliyonse, ndipo siisintha mpaka kalekale. Lachiwiri ndi EV, zimene amatolera pa mdani aliyense amene wagonja. Zonse pamodzi sizipitirira 510, stat imodzi siipitirira 255, ndipo ma EV 4 ndiwo amapereka pointi imodzi pa levulo 100. N'chifukwa chake anthu amaima pa 252, zitatu zotsalazo zimangotayika. Lachitatu ndi nature, imene imakweza stat imodzi ndi 10% n'kutsitsa ina ndi 10%.

Tengani Salamence, amene Speed yake yoyambira ndi 100, pa levulo 50. Wa Jolly, IV 31, ma EV 252, amafika pa 167. Wa Brave, IV 10, amene wangotolera ma EV 60 a Speed m'njira, ali pa 105. Dzina limodzi, levulo imodzi, kusiyana mapointi 62. Ma Pokémon a ku Frontier amabwera ma EV awo ataikidwa kale pamalo oyenera, ndipo ma IV a adani amakwerakwera mpaka kufika 31 mukapita patali. Timu ya mu nkhani idamenya chilichonse chimene idakumana nacho mu udzu ndi pa nyanja, ndiye 510 yake idamwazikana, zambiri zili pa Special Defense chifukwa cha ma Tentacool aja. Zili ngati kulowa mayeso a Fomu 4 ndi notsi za Sitandade 8: zimene udaphunzira n'zoona, koma sizikukwanira.

Gologolo
Zikomo akuluakulu, zayamba kumveka. Ndiye timu yomweyi ingakonzeke, kapena ndiyambe kulera ena?

Mlatho
Ma EV amakonzeka, ndipo apa Emerald idaposa Ruby ndi Sapphire. Pali zipatso zisanu n'chimodzi zimene zimachotsa ma EV 10 chilichonse: Pomeg pa HP, Kelpsy pa Attack, Qualot pa Defense, Hondew pa Special Attack, Grepa pa Special Defense, Tamato pa Speed. Mumamudyetsa mpaka gemu inene kuti stat singatsikenso. Berry Master wa pa Route 123 amapereka zipatso tsiku lililonse, ndipo zamtunduwu zimakhala m'gulu limenelo. Dzalani, thirirani, chulukitsani, chifukwa Pokémon mmodzi akhoza kudya zoposa 50.

Mukafufuta, yambani ndi mavitamini. Limodzi limapereka ma EV 10, koma amasiya kugwira stat ikafika pa 100, ndiye ayenera kukhala oyamba. Kusitolo ndi 9,800 limodzi, ku Frontier ndi 1 BP, mapointi amene mumalandira mukapambana kumeneko. Kenako mumveke Macho Brace, imene banja la Winstrate pa Route 111 limapereka mukawagonjetsa onse anayi. Imachulukitsa ma EV kawiri koma imadula Speed ndi theka pa nthawi imene waivala. Mukachotsa 100 pa 252 patsala 152, ndiye adani 76 opereka EV imodzi.

Malo ake: HP ndi Whismur mu Rusturf Tunnel, mulibenso china mmenemo. Attack ndi Shuppet m'nsanja zapansi za Mt. Pyre. Special Attack ndi Spinda ndi Slugma pa Route 113, mukaona Skarmory thawani. Speed ndi Magikarp, mukuyenda ndi Surf mu Sootopolis. Powerenga gwiritsani PP, nambala ya maulendo amene move ingaponyedwe: move ya PP 15 ikatha ndiye adani 15, bola aliyense afe ndi kumenya kumodzi. Mukamaliza pitani kumsika wa ku Slateport, kuli mayi amene amapereka Effort Ribbon kwa Pokémon amene wakwanitsa 510. Akakana, pali pamene mwaphonya.

Namadzi
Kuwonjezera pa a Mlatho: aliyense amene walandira Exp pa nkhondoyo amalandiranso ma EV onse, ngakhale amene wangovala Exp. Share ali kumbuyo. Izi zimathandiza polera kamwana kofooka, komanso zimaononga ngati mwaiwala kumuvula. Rare Candy sapereka EV ngakhale imodzi.

Koma nature ndi IV palibe chipatso chimene chingasinthe. Ngati Gyarados wanu ndi Modest, musataye naye nthawi. Ndipo popeza onse kupatula Tropius adapitirira 50, ine ndikuona kuti kulera atatu atsopano a Level 50 n'kwachangu kuposa kukoka akalewa mpaka 60 ndi kupitirira.

Kuswetsa mazira kumayenda motere. Mukamaliza Elite Four, phanga la kuseri kwa nyumba ya Fossil Maniac pa Route 114 limatseguka kulowa mu Desert Underpass, mmene muli Ditto. Ikani patsogolo Pokémon wa ability ya Synchronize, ndipo theka la amene mukumane nawo adzakhala ndi nature yake. Onani Gardevoir wanuyo, akhoza kukhala wa Synchronize kapena wa Trace. Everstone ili mu Granite Cave. Ku Day Care ya pa Route 117 muveke mayi, kapena Ditto ngati mukugwiritsa Ditto, ndipo theka la ana lidzatenga nature yake. Mukaveka bambo palibe chichitike. Ana amatengera ma IV atatu kwa makolo, enawo ndi mwayi. Yendani ndi Slugma mu timu, chifukwa Flame Body ndi Magma Armor zimadula masitepe oswera dzira ndi theka. Dzira la Bagon kapena Beldum limafuna masitepe oposa 10,000 popanda iye. Msewu wake ndi wowongoka uja wochoka ku Verdanturf kudutsa mu Mauville, pa Mach Bike. Ku Battle Frontier kuli gogo wina m'kanyumba amene amakuuzani ngati ma IV ali bwino ndi stat imene yaposa zonse.

Gologolo
Apa pali vuto lina. Zipatso sizikukula, ndipo gemu ikamayamba imalemba kuti batire lam'kati latha. Kodi save ifufutika?

Chiphaliwali
Siifufutika. Katiriji yeniyeni ya Emerald imasunga save mu flash, imene siifuna magetsi. Batire limangoyendetsa wotchi. Amene amataya save batire likatha ndi a Gold, Silver ndi Crystal a pa Game Boy Color. Chimene chimaima kwa inu ndi kukula kwa zipatso, mphatso za tsiku ndi tsiku monga za Berry Master, lotale ya ku Lilycove ndi kudzaza ndi kuphwa kwa madzi mu Shoal Cave.

Batire lake ndi CR1616 la 3V, ndipo gulani lokhala ndi timiyendo tiwiri tachitsulo towotchereratu. Kumbuyo kwa katiriji kuli sikuluwu imodzi ya mitu itatu, imafuna sikuludiraiva ya tri-wing. Mukaimasula, kankhirani chivundikiro chakutsogolo pansi pang'ono n'kuchinyamula. Musanachotse lakale jambulani ndi foni kuti mukumbukire mbali ya + ndi ya -. Sungunulani mtovu mwendo umodzi, nyamulani, kenako winawo. Osalikanula ndi mpeni, mudzazula kamkuwa ka pa bolodi ndipo kukonza pamenepo n'kovuta. Osaikanso chowotcherera pa batire lenilenilo, kutentha kumaliononga. Ena amangomata ndi tepi, koma limasuntha ndipo wotchi imaimanso. Ngati mulibe zida, aliyense wokonza mafoni amene amawotcherera bwino atha ntchitoyi m'mphindi zochepa.

Kalulu_GBA
Komatu a Chiphaliwali mwasiya chimodzi chofunika. Batire latsopano likalowa, wotchi ya mu katiriji imayambira pa chiyambi, pomwe save ikukumbukira tsiku lomaliza limene idaona. Gemu imadikira kuti wotchi idutse tsiku limenelo. Uthenga wa batire umachoka ndithu, koma zipatso zikhoza kukhalabe chiimire kwa nthawi yofanana ndi imene batire lakale lidagwira ntchito. Njira zake ndi ziwiri: kuyamba gemu yatsopano mutasamutsira ma Pokémon anu ku katiriji ina ndi link cable, kapena kukankhira wotchi patsogolo ndi pulogalamu ya pa flashcart kapena kachipangizo kowerengera katiriji pa kompyuta.

Ndipo musanagule batire tsimikizani kuti katiriji si feki. Yeniyeni ndi yobiriwira yoonekera m'kati, pa lebulo pali manambala odinda mokanikiza amene amaoneka ukaipendeketsa pa kuwala, ndipo pa bolodi pamwamba pa mano agolide palembedwa Nintendo mwaukhondo. Kumbuyo kumaoneka timabokosi tinayi tagolide. Zambiri zafeki zilibe wotchi n'komwe, ndiye kusintha batire sikuthandiza.

Mphepo_ya_Mwera
Nanga ife a pa foni? Zipatso zikukula koma ndikumva kuti ena save imawathawa akamaliza Elite Four.

Kalulu_GBA
Zimachitika ngati mtundu wa save pa emulator suli pa Flash 128K. Munthu amayenda ndi save state gemu yonse osadziwa kuti save ya m'kati siikugwira. Mukagonjetsa Wallace gemu imaseva yokha n'kuyambiranso, ndiye pamenepo mumapeza palibe Continue. Yesani lero lomwe: sevani kuchokera pa menyu ya gemu, tsekani, tsegulaninso osagwiritsa save state. Continue ikaoneka muli bwino. Onaninso kuti RTC, wotchi ya gemu, ndi yoyatsa. Pa kompyuta mGBA imazindikira zonsezi yokha.

Tsabola
Mwaona tsono? Kuti munthu asangalale ndi gemu afunika masamu, chowotcherera ndi sukulu ya mazira. Ine ndimaikonda Emerald koma apa Game Freak idalakwitsa. Palibe paliponse m'nkhani pamene amakuuza kuti Bite siigwiritsa Attack. Nature sikuonetsa n'komwe stat imene yakwera. Onjezani ma HM asanu ndi atatu, ma move otsegulira njira aja: Cut, Fly, Surf, Strength, Flash, Rock Smash, Waterfall, Dive. Malo a ma move ndi anayi okha pa Pokémon, ndipo HM siichoka mpaka upite kwa Move Deleter ku Lilycove. Kuchokera ku Lilycove kupita kutsogolo ndi madzi okhaokha, Tentacool ndi Wingull sitepe iliyonse.

Kadzidzi
Pa zobisa manambala ndikugwirizana nanu, pamenepo adalakwitsadi. Koma sindivomera kuti nkhani siikuphunzitsa kanthu. Slaking wa Norman amapuma ulendo uliwonse wachiwiri chifukwa cha Truant, ndipo amene wazindikira amamugonjetsa ndi Protect kapena Dig osakhudzidwa. Ukamuthira poizoni, Facade yake imawirikiza. Altaria wa Winona amavina Dragon Dance n'kuponya Earthquake, ndiye wobwera ndi Manectric yekha amalira, pomwe Ice Beam ya mu Abandoned Ship imamumenya kanayi. Tate ndi Liza mu Emerald ali ndi Claydol, Xatu, Lunatone ndi Solrock, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene Earthquake imamukhudza, imangopweteka mnzako wa pambali. Xatu akaika Sunny Day, Surf imafooka ndipo Solrock amaponya SolarBeam pompo pa Swampert. Zimenezi ndi nzeru zomwezo zimene Frontier imafuna. Vuto ndi loti Swampert wokwera levulo amakudutsitsa usanaphunzire.

Za madzi, gulani Super Repel. Ndi 500 pa masitepe 200, pomwe Max Repel ndi 700 pa 250 ndipo Repel wamba ndi 350 pa 100. Super ndiye wotchipa pa sitepe. Amangoletsa amene levulo yawo ili pansi pa Pokémon wanu woyamba.

Nyalugwe07
Ndipo ma HM asakudyereni malo pa omenya. Tropius amanyamula Cut, Fly, Strength, Flash ndi Rock Smash, musankhepo zinayi. Surf yokha ndiyo move yabwino pa nkhondo, mphamvu 95 ndipo siiphonya chisawawa.

Mphepo_ya_Mwera
Poti mwatchula madzi, Milotic wa Wallace uja amapezeka bwanji? Route 119 yonse ndi Carvanha ndi Magikarp basi.

Namadzi
Milotic amachokera kwa Feebas. Feebas amapezeka pa timabwalo 6 tokha ta madzi mu mtsinje wonse wa Route 119, mwa timabwalo mazanamazana. Pa kabwalo koyenera amakodwa theka la nthawi, ndi mbedza ina iliyonse. Ndiye ponyani kawiri kapena katatu pa kabwalo kalikonse, muziyenda mzere ndi mzere kuti musabwereze. Malo ake amamangidwa ku mawu otchuka a ku Dewford, mawuwo akasintha timabwalo timasinthanso, choncho osakawasintha muli m'kati mofufuza. Mukapeza kabwalo, gwirani ambiri.

Kuti asanduke Milotic, Beauty ifike pa 170 kenako akwere levulo imodzi. Beauty imakwera ndi ma Pokéblock a blue kapena indigo, ochokera ku zipatso za kakomedwe kouma (Dry) monga Chesto, Wiki, Kelpsy, Cornn ndi Pamtre. Cholakwika chofala ndi kumudyetsa ma Pokéblock ofooka. Pokémon amakhuta, ndipo akakhuta sadyanso moyo wake wonse, ndiye ngati Beauty sinakwane mwataya Feebas ameneyo. Sankhani wa Modest, Mild, Quiet kapena Rash, amene amakonda zouma, ndipo sakanizani zipatso ndi anthu ambiri pa makina a ku Lilycove kuti zituluke zapamwamba. Modest ndiye wabwino pa nkhondo. Ndi Surf, Ice Beam, Recover ndi Toxic, Milotic amalimba bwino ku Frontier.

Gologolo
Katiriji ndi yeniyeni, manambala odinda alipo. Tibwerere ku Tower abale. Ngati ndilera atatu a Level 50, akhale ati?

Mlatho
Metagross, Latios kapena Latias, ndi Swampert watsopano. Amatchinjirizana bwino. Earthquake yolunjika kwa Metagross siikhudza Latios chifukwa cha Levitate. Ice ndi Dragon zolunjika kwa Latios, Metagross amazilandira mosavuta. Fire amailandira Swampert, ndipo Grass imene imamenya Swampert kanayi siipweteka kwenikweni anzake awiriwo.

Beldum ali pa tebulo m'nyumba ya Steven ku Mossdeep, pa levulo 5. Mufuna Adamant. Chenjerani apa: Metagross amaphunzira Meteor Mash pa 55, zimene zingamutulutse mu Level 50. Koma Metang amaiphunzira pa 50. Ndiye kuyambira pa 45 dinani B nthawi iliyonse akafuna kusanduka, mpaka 49. Akafika pa 50 aphunzira Meteor Mash, ndipo pomwepo mulekeni asanduke. Onjezani Earthquake, Shadow Ball ndi Explosion, imene amaphunzitsa munthu wa ku Pacifidlog kamodzi kokha. Ma EV ndi HP ndi Attack. Choice Band imakweza Attack ndi theka koma imakumangirira pa move imodzi mpaka utuluke.

Swampert akhale Relaxed kapena Brave, ndi Earthquake, Surf, Ice Beam ndi Protect, atavala Leftovers. Latios akhale ndi Psychic, Dragon Claw, Thunderbolt ndi Calm Mind kapena Recover, atavala Lum Berry. Zovala siziloledwa kufanana mu timu imodzi.

Chiphaliwali
Pa Beldum pali msampha. Emerald imayamba manambala ake amwayi pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse ikayatsidwa, batire likhale lamoyo kapena lakufa. Ukamazimitsa n'kuyatsa, n'kumadina A pa liwiro lomwelo, umangolandira ma Beldum omwewo mobwerezabwereza. Muzisintha nthawi imene mukudikira musanatenge. Chapafupi ndi kumutenga mmene alili n'kumuika ku Day Care ndi Ditto wa Adamant wovala Everstone.

Tsabola
Ine ndingaike Salamence m'malo mwa Latios. Intimidate, Dragon Dance, Earthquake, Aerial Ace, Rock Slide. Akavina kamodzi nkhondo yatha. Komanso amaswetseka, pomwe Latios ndi mmodzi, nature yake idakhazikika kale pamene mudayankha mtundu wa Pokémon amene adaoneka pa TV mutamaliza Elite Four.

Kadzidzi
Mfundo ya kuswetsa ndi yoona, ndipo Dragon Dance imabwera kwa Bagon kudzera mwa bambo monga Altaria kapena Gyarados. Koma Ice imamumenya Salamence kanayi, ndipo ku Frontier pafupifupi wa Water aliyense wamphamvu amanyamula Ice Beam kapena Blizzard. Latios imamumenya kawiri kokha ndipo Special Defense yake ndi 110, nthawi zambiri amapulumuka kumenya koyamba. Speed yake ndi 110, Salamence 100. Pa mtunda wa nkhondo 70 ine ndimasankha amene safa ndi kumenya kumodzi. Ngati nature ya Latios yatuluka yotsitsa Speed kapena Special Attack, pamenepo ndiye Salamence kapena Starmie alowe.

Mphepo_ya_Mwera
Bwanji osangotenga Rayquaza wa levulo 70 wa ku Sky Pillar?

Nyalugwe07
Saloledwa. Rayquaza, Kyogre, Groudon, Mewtwo, Mew, Lugia, Ho-Oh, Celebi, Jirachi ndi Deoxys onse ndi oletsedwa ku Frontier. Latios, Latias ndi ma Regi atatu amaloledwa, koma Soul Dew, chovala cha Latios ndi Latias, siigwira ntchito kumeneko.

Pogwira Latios, ngati Master Ball ya mu Aqua Hideout ikadalipo, ntchito yake ndi imeneyi, chifukwa amathawa ulendo woyamba. Ali pa levulo 40. Ikani patsogolo Pokémon wa levulo 39 kapena 40, thirani Repel, ndipo muzilowa ndi kutuluka pa geti la Cycling Road pa Route 110, n'kumayenda mu udzu wapafupi. A m'deralo ndi aang'ono, ndiye chotuluka ndi iye yekha. Mukamutsatira ndi Fly amasamukira kutali. Ngati Master Ball idapita, Wobbuffet wa Shadow Tag amamutsekera, ndipo amachokera ku dzira lija amapereka gogo wa ku Lavaridge.

Namadzi
Ine ndikuti a Gologolo asayambire ku Tower n'komwe. Nyumba zilipo zisanu ndi ziwiri. Ku Battle Factory sumabwera ndi ako, umasankha atatu mwa asanu ndi mmodzi obwereka ndipo ukapambana ukhoza kusinthanitsa mmodzi ndi wa mdani. Noland, mkulu wa Factory, amabwera pa nkhondo ya 21. Mukhoza kumatolera BP kumeneko mazira akuswa, komanso mumaphunzira ma move amene adani amanyamula. Leftovers ndi 48 BP, Choice Band ndi 64 BP, ngakhale Leftovers ina ili mu bini m'chipinda chapansi cha S.S. Tidal.

Timu ikakonzeka, chizindikiro chasiliva chapafupi, chimene umalandira ukagonjetsa mkulu wa nyumba koyamba, ndi cha Lucy ku Battle Pike, pa chipinda cha 28, ndipo amabwera ndi Seviper, Shuckle ndi Milotic. Ku Battle Dome umaona timu ya mdani nkhondo isanayambe n'kusankha awiri oyenera. Battle Palace isiyeni kumapeto, kumeneko Pokémon amasankha yekha move motengera nature yake, ndipo timu ya ku Tower ikhoza kungoima osamenya.

Tsabola
Factory ndiye yamwayi kuposa zonse. Akakupatsa zinyalala zisanu n'chimodzi watha.

Namadzi
Kufika pa chizindikiro chagolide inde ndi yowawa, koma potolera BP zoyambira ndi yabwino. Posankha yang'anani ma move, osati dzina. Wokhala ndi move yamphamvu ya mtundu wake, yogwirizana ndi stat yake yaikulu, aposa wotchuka amene wanyamula Double Team ndi Swagger.

Kadzidzi
N'chifukwa chake ambiri sitiisiya Emerald. Omega Ruby ndi Alpha Sapphire za mu 2014 pa 3DS zidabweza Hoenn koma Battle Frontier sidabwerere, adaikamo Battle Maison. Gemu ya 2004 iyi ikadali ndi zochita zambiri ukamaliza nkhani kuposa imene idabwera patatha zaka khumi.

Gologolo
Funso lomaliza. TM26 ya ku Seafloor Cavern idapita kale pa Swampert wakaleyu, ndipo mwatchula Earthquake pa Metagross ndi pa Swampert watsopano. TM imagwira kamodzi. Nditani?

Mlatho
Ngati Swampert wakaleyo ndi wamwamuna, ndi chuma. Bambo amapatsira ana move ya TM imene akuidziwa, bola mwanayo akhale woti angaiphunzire. Koma pa mtundu wake womwe simufunika zimenezo, chifukwa Marshtomp amaphunzira Earthquake yekha pa levulo 46. Chitani monga pa Metang paja: mukanizeni kusanduka kuyambira pa 36 mpaka aiphunzire, chifukwa Swampert amaipeza pa 52, mochedwa kwa Level 50. Metagross ndiye ovuta, popeza Beldum saphunzira TM ndipo sangaitengere m'dzira. Ngati pali mnzanu wa Ruby, Sapphire, FireRed kapena LeafGreen amene sanagwiritse TM26 yake, aiveke Pokémon n'kukutumizirani pa link cable. Apo ayi ikani Brick Break, TM31 ya ku Sootopolis, ndipo a Fire ndi a Electric muziwasiyira Swampert.

Chiphaliwali
Ice Beam ndi Thunderbolt zisakudetseni nkhawa, zimagulidwa ku Game Corner ya ku Mauville pa makoini 4,000 iliyonse, Psychic pa 3,500. Makoini 500 ndi 10,000, ndiye TM ya 4,000 ikukwana 80,000. Bwerezani Elite Four ndi timu yakaleyo, woyamba atavala Amulet Coin yochulukitsa ndalama, ndalamazo zipezeka. Ndipo mukayamba mndandanda ku Tower, osazimitsa pakati. Sankhani kupuma kuti gemu iseve kaye, apo ayi imawerenga ngati mwagonja ndipo muyambiranso pa nkhondo yoyamba.